Khadi limodzi la 128GB kapena anayi a 32GB: kwa anzanga ojambula maukwati ku Angónia

Ife amene timadyera kamera kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, funso la makhadi osungira zithunzi mu kamera limatipeza tikafika pogula. Ndalama ili m'manjayo ingagule khadi limodzi la 128GB, kapena ungawonjezerepo pang'ono n'kutenga anayi a 32GB. Malo osungira zithunzi ndi omwewo. Kusiyana kumadzaoneka tsiku limene zinthu zavuta, ndipo ine ndili kumbali ya makhadi angapo. Komabe khadi lalikulu lili ndi ubwino wake weniweni, ndiye tiyambire pamenepo.

Khadi la 128GB ukaliika m'mawa, kachitseko ka kamera sukatsegulanso mpaka usiku. Amene munaloledwapo ndi akuluakulu a mudzi kujambula Gule Wamkulu m'chilimwe mukudziwa mmene bwalo limakhalira. Chilombo chikangopalasa pansi, fumbi limakwera mpaka m'mano. Kutsegula kamera pamenepo n'kuiputira mavuto, ndipo kakhadi kakapulumuka m'zala n'kugwera pakati pa miyendo ya anthu, kukapeza ndi mwayi. Pa ukwati nazonso n'chimodzimodzi. Mphete savekana kawiri, ndipo khadi likadzaza abusa ali pakati pa malumbiro, palibe amene adzakudikire.

Kwa ojambula kanema, khadi lalikulu limapambananso pa chifukwa china. Makhadi ofika 32GB ndi a mtundu wa SDHC, ndipo pa iwo fayilo imodzi singapitirire 4GB. Kanema akatalika, kamera imamudula m'zidutswa, ndipo makamera ena akale amangosiya kujambula. Makhadi oyambira 64GB kupita m'mwamba ndi a SDXC, amene anayamba mu 2009, ndipo malire amenewo alibe. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi kujambula misa yonse kapena msonkhano wautali, musavutike ndi a 32GB. Gulani aakulu.

Koma kwa wojambula zithunzi, taganizani za ulendo wochoka ku Ulóngue kupita ku ukwati wa kumudzi cha ku Dómue, kapena kufupi ndi Furancungo. Umanyamuka Lachisanu, kubwerako Lamlungu. Laputopu sunyamula chifukwa kulibe pochajira, batire la kamera lenilenilo ukulisunga ngati mankhwala. Masiku onsewo zithunzi zili pamalo amodzi basi. Khadi limatha kuwonongeka batire likathera pakati polemba, kapena ukalitulutsa kagetsi kofiira kakuphethirabe, ndipo limatha kungotayika. Likakhala limodzi, chapita ndi chinkhoswe, tchalitchi, madyerero, zonse. Akakhala anayi, chatayika ndi gawo limodzi, ndipo ukhoza kuyang'anabe ankhoswe m'maso n'kuwapatsa zimene zatsala. Ine ndimagawa motsatira mwambo: khadi lake la kunyumba kwa mkwatibwi, lake la kutchalitchi, lake la kumadyerero. Ndimasintha pa nthawi yabata, monga tili m'galimoto kuchoka kutchalitchi, osadikira kuti lidzaze. Limene ndatulutsa ndimatsitsa kaloko kake ka m'mbali n'kuliika m'thumba la malaya lokhala ndi batani, osati m'chikwama cha kamera, chifukwa wakuba amanyamula chikwama chonse.

Pali nkhani ina imene imandipweteka kwambiri, ya makhadi achinyengo. Opanga ake amakonda kulembapo manambala akuluakulu, poti ndi amene amakopa maso. Kunja kwalembedwa 128GB, kamera nayo ikuonetsa 128GB, koma m'kati muli malo ochepa, mwina 8GB kapena 16GB. Zithunzi zoyambirira zimalowa bwinobwino. Malo enieniwo akatha, kamera imapitiriza kuwerenga ngati palibe vuto, koma pofika kunyumba mafayilo ali ndi maina okha, ukawatsegula akukana kapena akutuluka ndi mizere yotuwa. Choopsa chake n'chakuti kuyesa ndi zithunzi khumi pamalo ogulira sikuulula kanthu. Njira yodalirika ndi pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa H2testw, imene imadzaza khadi lonse kenako n'kuwerenga zimene yalemba. Pa khadi lalikulu imatenga maola, koma ichitidwe khadi lisanaone ntchito ya munthu. Mtengo ukatsika modabwitsa, kaya ndi kumsika wa kumalire kaya ndi m'sitolo ya mumzinda wa Tete, kayikirani.

Onaninso msinkhu wa kamera yanu musanatulutse ndalama. Ambiri a ife tinayambira pa makamera ogula kwa ena. Nikon D3000 ndi Canon 500D amalekeza pa SDHC, ndiye khadi la 64GB kapena 128GB saliwerenga. Otsatira ake, Nikon D3100 ndi Canon 550D a mu 2010, amaliwerenga.

Za liwiro sindichedwapo. Nambala yaikulu imene amalemba pamwamba, monga 120MB/s kapena 170MB/s, ndi ya kuwerenga, pamene mukusamutsira zithunzi pakompyuta. Chofunika kwa kamera ndi liwiro lolembera, ndipo limeneli lili m'tizilembo tating'ono. C10 kapena U1 ndiye kuti silitsika pa 10MB pa sekondi, pamene U3 kapena V30 silitsika pa 30MB. Wojambula JPEG (chithunzi chimene kamera yakonza kale n'kuchipanikiza) chimodzichimodzi, C10 imukwanira. Wojambula RAW (chithunzi chosakonza, chofunika kukachikonza pakompyuta) motsatizana pamene gule wafika pakolasinga, kapena kanema wa 4K, atenge V30, apo ayi kamera idzaima n'kumalemba pamene ovina akupitiriza. Makhadi a UHS-II, okhala ndi mizere iwiri ya timano kumbuyo, ndi okwera mtengo ndipo mu kamera yosawadziwa amathamanga ngati wamba. Musatayirepo ndalama.

Tsopano funso limene limasintha masamu onsewa: RAW kapena JPEG? Pa kamera ya 24 megapixel, chithunzi cha JPEG chapamwamba chimadya pafupifupi 10MB, pamene cha RAW chimafika 25MB kapena 30MB. Ndiye khadi la 32GB limanyamula ma JPEG pafupifupi 3,000, koma ma RAW pafupifupi 1,000 okha. Wa JPEG yekha angathe kumaliza ukwati wonse pa khadi limodzi la 32GB. JPEG ndi yachangunso. Eni ukwati amafuna zithunzi pa WhatsApp usiku womwewo, ndipo wotsuka zithunzi amalandira JPEG popanda mafunso.

Koma dzuwa lathu silichitira JPEG chifundo. Akwati akutuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, diresi loyera likuwala, nkhope ya mkwatibwi ili mumthunzi wa velo, mkwati ali mu suti yakuda. Kamera ikasamala nkhope, diresi limapsa n'kusanduka chigamba choyera chopanda ulusi ngakhale umodzi. Ikasamala diresi, nkhope zimamira mumdima. JPEG imasunga masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW imasunga 4,096 kapena 16,384 malinga ndi kamera. N'chifukwa chake pa RAW ukhoza kujambula modetsa pang'ono kuti diresi lipulumuke, kenako n'kudzutsa nkhope pakompyuta popanda khungu kuoneka ngati lapakidwa phulusa. Mayi amene anasoketsa diresi lija amafuna kuona maluwa ake pachithunzi, ndipo ali ndi ufulu wofuna zimenezo. Komatu walira mvula walira matope: RAW imafuna makhadi ambiri, kompyuta, ndi nthawi yokhala pansi kukonza. Pulogalamu yokha isakuopseni, poti Canon amapereka Digital Photo Professional kwaulere, Nikon amapereka NX Studio, ndipo darktable ndi yaulere kwa aliyense.

Ine ndimaika RAW+JPEG m'tchalitchi ndi potuluka, kenako JPEG yekha kumadyerero, kumene zithunzi zimachuluka pa nthawi yofupa akwati. Mukakhala pa JPEG panja, yatsani chenjezo limene limaphethiritsa malo opsa pa sikirini, ndipo likaphethira pa diresi tsitsani kuwala ndi -0.3 kapena -0.7.

Wogwiritsa makhadi angapo ayang'anenso manambala a mafayilo. Pa Canon ikani File numbering pa Continuous, pa Nikon ikani File number sequence pa On. Mukapanda kutero, khadi lililonse likhoza kuyambiranso pa 0001, ndipo pokopera zonse mu foda imodzi zithunzi zofanana maina zimafufutana. Tsiku ndi nthawi zikhale zolondola kuti zithunzi zidzandandalike mmene mwambo unayendera. Zimitsaninso chilolezo choti kamera izijambula mulibe khadi, chifukwa pakati pa kusinthasintha ndi pamene munthu amaiwala kubwezeramo lina.

Poyeretsa khadi, kufufuta zithunzi chimodzichimodzi ndi kufomata (kufufuta zonse za pa khadi nthawi imodzi) si zofanana. Kufufuta pamwambo kumadya batire, ndipo pa kasikirini kakang'ono padzuwa n'kosavuta kuchotsa chithunzi chabwino. Ndi bwino kudikira, kukopera zithunzi malo awiri osiyana, kutsegula zingapo kuti mutsimikize, kenako n'kufomata khadilo mu kamera momwemo, osati pafoni kapena pakompyuta. Zithunzi zikafufutika mwangozi, chotsani khadilo nthawi yomweyo osajambuliraponso. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imabweza zambiri ngati pamwamba pake sipanalembedwe zina.

Pali makamera amene amathetsa mkangano wonsewu, okhala ndi mipata iwiri ya khadi, monga Nikon D7100, D7200 ndi D750. Pamenepo makhadi awiri a 128GB, oyesedwa kale, amaposa anayi a 32GB, chifukwa chithunzi chilichonse chimalembedwa kawiri ndipo kachitseko sukatsegula tsiku lonse. Koma lowani mu menyu muone ntchito imene mpata wachiwiri wapatsidwa. Pa Nikon amenewa imabwera ili pa Overflow, kumene khadi lachiwiri limangodikira kuti loyamba lidzaze. Isintheni ikhale pa Backup, kumene chithunzi chimalembedwa pa makhadi onse awiri, musananyamuke.