Ndemanga: Rspamd pa seva ya maimelo ya kampani yaying'ono

Kampani yathu imagulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Kamwala kuno ku Lusaka, ndipo ili ndi seva yakeyake ya maimelo yoyendera Postfix (pulogalamu yotumiza ndi kulandira maimelo), imene ine ndimayang'anira. Tinaika pulogalamu ya Rspamd kuti itithandize kusefa spam (makalata osafunika), makamaka makalata a akathyali amene amatumiza ma invoice abodza onena kuti akaunti ya kubanki yasintha. Pulogalamuyi ndi yaulere, inalembedwa mu chilankhulo cha makompyuta cha C, ndipo pa seva yathu yaing'onoyi imayenda mopepuka kusiyana ndi SpamAssassin, yolembedwa mu chilankhulo cha Perl, yomwe tinkagwiritsa ntchito kale.

Kuilumikiza ndi Postfix sikuvuta, chifukwa imalandira makalata kudzera pa milter (njira yolumikizira seva ya maimelo ndi pulogalamu yosefa) pa port 11332. Kalata iliyonse imapatsidwa mapointi osonyeza kuti ikukayikitsa bwanji ikaunikidwa pa SPF, DKIM ndi DMARC (njira zotsimikizira kuti kalata yachokeradi kumene ikunena) ndiponso pa mindandanda ya ma IP (maadiresi a makompyuta) odziwika ndi spam. Mapointi akafika 4 kalata imayamba yaimitsidwa kaye, akafika 6 imaikidwa chizindikiro, ndipo akafika 15 imakanidwa.

Chimene ofuna kuigwiritsa ntchito ayenera kudziwa n'chakuti gawo lake la Bayes, lomwe limaphunzira kuzindikira spam poona mawu a m'makalata, siligwira ntchito mpaka litaphunzitsidwa ndi makalata 200 abwino ndi 200 a spam, omwe zizindikiro zake zimasungidwa mu pulogalamu yosungira deta ya Redis. Makasitomala athu amalemba pafoni, mwachidule, akusakaniza Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi, nthawi zina popanda mutu wa kalata, ndipo makalata otere ndi amene ndinaiphunzitsa nawo. Itawazolowera, inayamba kusiyanitsa bwino mmisiri wa ku Matero wofunsa mtengo wa simenti ndi wakuba wolemba Chingerezi chosalala.

Mufunikanso DNS yanuyanu (seva yofufuza maadiresi a pa intaneti), monga Unbound, popeza Spamhaus, bungwe losunga mindandanda ya ma IP a spam ija, siliyankha mafunso odutsira pa ma DNS a anthu onse ngati 8.8.8.8.

Greylisting, kuimitsa kaye kalata kuja, ndiyo ndinaikonza mwapadera. Seva ya wotumiza watsopano amene kalata yake yafika mapointi 4 imauzidwa kuti itumizenso kalatayo pakadutsa mphindi pafupifupi 5, ndipo kasitomala amene waima pa kauntala akunena kuti watumiza kale umboni wa malipiro sangamvetse za kudikirako. Choncho ma domain a makampani amene timagula nawo katundu ndiponso a mabanki ndinawachotsa pa lamuloli, ndipo zosintha zonse ndinazilemba mu foda ya local.d kuti zisafufutike pulogalamuyi ikamakonzedwanso.