Kwa mayi wa ku Taifa pafupi ndi buliji, ndapitakonso

Amene mumadutsa pa boma la Mangochi, mukangowoloka buliji ya Bakili Muluzi ngati mukupita ku Chiponde pali kalesitilanti kena ka mayi wa ku Tanzania, anthu amangoti kwa mayi wa ku Taifa. Chaka chatha ndinalumbira kuti sindidzapondakonso chifukwa nsima yawo inali yolimba heve, ija kwawo amati ugali, ukadya umangomva ngati wameza njerwa kkkk.

Dzulo mnzanga wandikokera komweko ndipo aise zinthu zasintha, pano akuphika yofewa ya ufa woyera ngati yakunyumba, chambo chake chootcha bwinobwino kuthira kachumbari pamwamba, tomato anyezi ndimu ndi kambuzi pang'ono. Nawonso anthu akuno azolowera zakwawo, ndinaona anyamata akabaza atatu akulimbirana chipsi mayai, ija amaphwanyira mazira mu chipsi n'kukazingira limodzi, pomwe kale ankati ndi zachibwana. Pilau wake ndiye usanene, fungo lokha limakuitana uli pa msewu.

Chinandiseketsa n'choti mayiwa amakulonjera m'Chiyao cha ndawala, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chiswahili, wina akalowa iwo karibu baba, makasitomala n'kumayankha asante ngati anabadwira ku Mbeya. Nyama ndi ya halaal, Lachisanu masana amayamba atseka kaye anthu akapemphere.

Chondibowa ndi kuchedwa basi, ndinadikira mpaka njala inayamba kundipweteketsa mutu, komanso mipando ndi yochepa moti ena amadyera panja pansi pa mtengo wa mango.