Osamalira okwera ndege anayi sanakwanire

Ndege imene ndinakwera inali ndi mipando pafupifupi 180, ndipo osamalira okwera anali anayi okha, mogwirizana ndi lamulo la ku America ndi ku Ulaya lakuti pakhale mmodzi pa mipando 50 iliyonse. Anali aulemu ndithu, moti mmodzi anagwada pafupi ndi okhala pakhomo lotulukira pangozi n'kuwafotokozera mofatsa katsegulidwe ka chitsekocho.

Koma panthawi yogawa chakudya onse anatanganidwa kutsogolo, ndipo kumbuyo kunalibe woyang'anira pamene bambo wina woledzera anayamba kulalatira mnzake. Popeza chitseko cha oyendetsa ndege chimakhala chokhoma chichitikireni ziwembu zolanda ndege ku America pa 11 September 2001, chitetezo cha okwera chili m'manja mwa osamalira okwerawa, choncho kampani ya ndegeyi iyenera kuwonjezera wachisanu.