E. coli kapena yisiti: tiyambe ndi iti mu labotale ya ku Blantyre?

Ophunzira atatu a digiri yachiwiri andifunsa funso limodzimodzi chaka chino: ngati munthu akufuna kusintha majini (DNA) a kachamoyo kuti kazimupangira mankhwala, ayambe ndi bakiteriya wa E. coli kapena yisiti ya Saccharomyces cerevisiae? Ndagwira ntchito ndi zonse ziwiri kuno ku Blantyre, ndipo ndinene poyera kuti mtima wanga uli ku yisiti.

Pa liwiro E. coli alibe mnzake, chifukwa amachulukana kawiri pa mphindi pafupifupi 20 zilizonse, pomwe yisiti imatenga ola ndi theka. Pa zoyesera pa kompyuta kusiyana n'kochepa, popeza mamodelo oyerekezera mmene maselo amagwirira ntchito, iML1515 ya E. coli ndi Yeast8 ya yisiti, onse amatheka pa pulogalamu ya COBRApy, yomwe ndi yaulere.

Chomwe chinandipweteka ndi ichi. Tinaitanitsa kuchokera kunja maselo a E. coli okonzeratu kuti alandire DNA, ndipo mtengo womwe kampaniyo inatipatsa poyamba unkaoneka wabwino. Titavomera kale ndi pamene panatulukira ndalama ya dry ice (mpweya woundana woziziritsira katundu), ya katoni yapadera, ndi ina yoti katunduyo akwere ndege ngati katundu woopsa, moti zolipira zowonjezerazo zinaposa mtengo wa maselowo. Phukusilo linachedwa pa njira, ndipo titalitsegula munalibe kuzizira konse. Maselo amenewa amafunika kukhala pa -80°C nthawi zonse, ndipo akangosungunuka mphamvu yawo yolandira DNA imatsika kwambiri. Tinayesa katatu kuwalowetsa DNA, koma palibe chomwe chinamera pa mbale yomeretsera maselo. Kampaniyo inayankha kuti udindo wake unathera pomwe inapereka katundu kwa onyamula, ndipo ndalama ya kafukufuku wa miyezi itatu inalowa m'madzi.

Zimenezi zinandiphunzitsa kuyang'ana kaye magetsi athu ndisanayang'ane mtengo. Firiji ya -80°C imadalira jenereta nthawi zonse magetsi akazima, ndipo dizilo akasowa, zonse zili m'katimo zimakhala pa chiopsezo. Yisiti yathu inabwera pa agar (phala lolimba lomeretsera tizamoyo) popanda kuziziritsa, inafika yamoyo, ndipo poilowetsa DNA timaikonza tokha tsiku lomwelo ndi mankhwala a lithium acetate ndi PEG.

Palinso nkhani ya chakudya, yomwe ambiri saiganizira. Mitundu ya E. coli yofala m'malabotale, monga K-12 ndi BL21, siitha kudya sucrose, yemwe ndi shuga wa mu nzimbe, pomwe yisiti ili ndi enzyme (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'maselo) ya invertase yomwe imaiphwanya. Ife tili pafupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo, ndipo PressCane ku Chikwawa imapanga kale ethanol kuchokera ku molasses, zotsalira popanga shuga. Wofufuza amene akuganiza zodzakulitsa ntchito yake kuno kwathu sangainyalanyaze mfundo imeneyi.

Umboni womwe ndimaukhulupirira kwambiri ndi wa artemisinin, gwero la artemether yemwe ali mu LA amene timamwa tikadwala malungo. Gulu la Jay Keasling ku Berkeley linayamba ndi E. coli, ndipo mu 2003 linapanga amorphadiene, chinthu choyambira pa njira yopangira artemisinin. Koma gawo lotsatira limafuna enzyme ya cytochrome P450 ya chomera cha Artemisia annua, yomwe imakhazikika bwino pa endoplasmic reticulum, kachiwalo ka m'kati mwa selo komwe yisiti ili nako koma bakiteriya alibe. Anasamukira ku yisiti, mu 2006 anapanga artemisinic acid, yomwe imasandutsidwa artemisinin, ndipo pofika 2013 kampani ya Amyris, yomwe Keasling anathandiza kuyambitsa, inali itafika pa magalamu 25 pa lita imodzi. Aliyense wofuna kupanga mankhwala ochokera ku zomera adzakumana ndi ma enzyme a mtundu umenewu.

Sindikukana kuti E. coli ali ndi mbiri yake, pakuti insulin yoyamba yopangidwa mwa njirayi, yomwe inavomerezedwa mu 1982, inachokera mwa iye, ngakhale kuti kuchotsa endotoxin, poizoni wa m'khungu la bakiteriyayu, mu zomwe wapanga ndi ntchito ina yodula. Yisiti nayo ili ndi mtengo wobisika, chifukwa chakudya chake cha yeast nitrogen base ndi ma amino acid osankhira maselo omwe alandira DNA timaitanitsabe kunja. Koma zimenezi ndi zaufa, ndipo siziwonongeka zikachedwa pa njira.

Choncho kwa ophunzira atatuwo ndikuti yambani ndi yisiti. E. coli mumusunge pang'ono wochulukitsira ma plasmid (tizidutswa ta DNA tomwe timalowetsa m'maselo), ndipo mumukonze nokha ndi calcium chloride m'malo momugula kunja.