Kufufuta nkhani pa Wikipedia ya Chingerezi: pomwe ndondomekoyi imagwira bwino ndi pomwe imaphonya

Aliyense amene anayesapo kulemba za woimba, sukulu kapena bungwe la kwathu kuno pa Wikipedia ya Chingerezi akulidziwa bokosi lija lotulukira pamwamba pa tsamba, lonena kuti nkhaniyi ikhoza kufufutidwa. Ambiri amangopsa mtima n'kusiyira pomwepo. Ife kuona kwathu n'kwakuti ndondomekoyi ndi yabwino kuposa mbiri yomwe ili nayo: ndi yaulere, zonse zimachitikira poyera, ndipo chofufutidwa chikhoza kubwezedwa. Vuto lake lalikulu ndi limodzi, koma limatipweteka ifeyo kwambiri. Oweruza ake amadalira zomwe Google yawaonetsa, pamene umboni wambiri wa nkhani za ku Malawi uli pa pepala kapena unaulukira pa wailesi.

Choyamba n'kudziwa chomwe chimayezedwa. Sakufunsa ngati munthuyo ndi wotchuka kapena wofunika. Akufunsa ngati anthu ena, osakhudzana naye, analembapo za iye mwatsatanetsatane m'malo odalirika, monga nyuzipepala yokhala ndi akonzi, buku lochokera ku kampani yosindikiza yodziwika, kapena magazini ya akatswiri. Otsatira 200,000 pa Facebook salowa m'chiwerengero. Tsamba la bungwe lenilenilo silithandiza. Kucheza ndi mtolankhani komwe mwini wake akudzifotokoza yekha kumathandiza pang'ono chabe, ndipo chikalata chomwe kampani inatumiza kwa atolankhani, masamba asanu n'kuchisindikiza osasintha ndi liwu limodzi lomwe, chimatengedwa ngati gwero limodzi, losaima palokha. Kungotchulidwa dzina pa mndandanda wa omwe anafika pa mwambo si kulembedwa mwatsatanetsatane.

Njira zofufutira zilipo zitatu, ndipo kulakwitsa kwambiri kumayamba munthu akalephera kuzindikira kuti wagwera mu iti.

Yachangu, yotchedwa speedy deletion, siidikira zokambirana. Admin mmodzi, yemwe ndi mkonzi wopatsidwa mphamvu zofufuta masamba, akaona kuti tsamba likugwera m'gulu lina lodziwika, amalichotsa nthawi yomweyo. Maguluwa ali ndi manambala. G11 ndi ya tsamba lomwe ndi kutsatsa malonda kokhakokha, G12 ndi ya mawu okopedwa kwina popanda chilolezo, ndipo A7 ndi ya nkhani ya munthu, bungwe kapena gulu la oimba yomwe sikunena n'komwe chifukwa chomwe mwini nkhaniyo alili wapadera. A7 sagwira pa sukulu. Wolemba nkhaniyo saloledwa kuchotsa yekha chizindikiro chofufutira chomwe chaikidwa pamwamba pa tsamba. Pali batani lotsutsira lomwe limakupititsani ku tsamba la zokambirana, koma admin akhoza kufufuta ngakhale mwatsutsa. Pa ntchito yochotsa zotsatsa njirayi sitiidandaula, chifukwa popanda iyo malo onse akanadzaza ndi mbiri za makampani zolembedwa ndi eni ake. Koma changu chimapunthwitsa. Mu Sepitembala 2007 Jimmy Wales, mmodzi mwa omwe anayambitsa Wikipedia, analemba kankhani kachidule ka Mzoli's, malo ogulitsa ndi kuotcha nyama ku Gugulethu mu mzinda wa Cape Town. Patangotha mphindi 22 kanali katafufutidwa. Kanabwezedwa, panabukanso mkangano waukulu, ndipo n'zokayikitsa ngati mlembi wamba akanamveredwa chimodzimodzi.

Yachiwiri, proposed deletion, mwachidule PROD, ndi yofatsa. Wina amaika chizindikiro ndi chifukwa chake, ndipo pakatha masiku 7 popanda wotsutsa nkhani imachoka. Aliyense, ngakhale mlembi, akhoza kuchotsa chizindikirocho, ndipo sichingaikidwenso pa nkhani yomweyo. Pali mtundu wina wa PROD wokhudza mbiri za anthu amoyo zopanda gwero lililonse: pamenepo simuchotsa chizindikiro musanaikepo gwero limodzi lodalirika lochitira umboni china chake chomwe chalembedwa.

Yachitatu ndiye bwalo lenileni, Articles for Deletion, mwachidule AfD. Wopereka dandaulo amaika chizindikiro pa nkhani, amatsegula tsamba la zokambirana, amalilemba pa mndandanda wa tsikulo, n'kudziwitsa mlembi. Chida chotchedwa Twinkle chimachita zonsezi ndi batani limodzi, ndipo apa pali kupendekeka: kupereka dandaulo ndi ntchito ya mphindi imodzi, pamene kuteteza nkhani kungafune masiku angapo ofufuza. Malamulo amanena kuti wodandaula ayambe wafufuza yekha magwero asanabweretse nkhani ku bwalo. Ena amachitadi mosamala. Ena amangolemba dzina pa Google, n'kuona masamba awiri oyamba, basi.

Zokambirana zimakhala masiku 7. Anthu akachepa kapena akapanda kugwirizana, zimaonjezeredwa sabata ina, kawirikawiri osapitirira kawiri. Wotseka, yemwe nthawi zambiri ndi admin wosatengapo mbali, sawerenga manja okwezedwa koma kulemera kwa mfundo. Zotsatira si kusunga kapena kufufuta kokha. Nkhani ikhoza kuphatikizidwa mu ina yokulirapo, dzina lake likhoza kusanduka cholozera ku tsamba lina, kapena ikhoza kubwezedwa ku malo okonzera otchedwa Draft. Pakapanda mgwirizano nkhani imatsala. Ichi n'chinthu chabwino chomwe ambiri sachidziwa: kukayikira kumakomera nkhaniyo.

Pano ndi pomwe anthu athu amadzionongera okha. Nkhani ya woimba ikangofika ku AfD, wina amaika uthenga m'gulu la WhatsApp kuti tiyeni tonse tikavote. Kumatulukira maakaunti khumi otsegulidwa dzulo, onse akunena kuti ameneyu aliyense ku Malawi amamudziwa. Wotseka amawanyalanyaza onse, ndipo akonzi ena amayamba kuganiza kuti pali wina wolipidwa kumbuyo kwake. Ndemanga imodzi yokonzedwa bwino imaposa khumi zoterezi. Mumalemba liwu loti Keep, kutanthauza kuti nkhaniyo isungidwe, kenako magwero atatu abwino koposa, osati makumi awiri osakanikirana ndi zinyalala, lililonse ndi dzina la nyuzipepala, tsiku, tsamba, mutu wa nkhani ndi mlembi wake. Ngati gwerolo silili pa intaneti, onjezerani ziganizo ziwiri zochokera m'menemo kuti ena aone kuti likukamba za munthuyo mozama. Pomaliza mumasaina ndi zizindikiro zinayi izi ~~~~. Ngati ndinu mbale wake, wantchito wake kapena mwalipidwa, nenani poyera. Kuyambira 2014 malamulo a Wikimedia Foundation amakakamiza wolipidwa kudziulula.

Malamulowo pawokha satikondera kapena kutisala. Gwero silifunika kukhala pa intaneti, ndipo silifunika kukhala la Chingerezi. Nkhani ya mu Fuko kapena Mkwaso ndi yololedwa monga momwe ilili ya mu The Nation kapena The Daily Times. Chovuta n'chakuti nyuzipepala zathu zakale zambiri sizinaikidwe pa intaneti, ndipo ma link a zaka zingapo zapitazo amafa masamba akakonzedwanso. Mkonzi wa ku Ohio ku America sangathe kupita ku National Archives ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, ndipo ngakhale wa ku Mzimba sangafikeko m'masiku 7 popanda kutaya ndalama za thiransipoti. Zoulutsidwa pa MBC kapena Zodiak zomwe sizinasungidwe poti wina angazipeze sizitsimikizika, choncho sizithandiza. Zomwe agogo amadziwa za mzera wa mafumu a kwawo, ngakhale zili zoona, sizilandiridwa mpaka wina atazisindikiza. Lichero limeneli likamapeta, pamodzi ndi mankhusu pamagwanso chimanga chabwino. Chothandiza n'kuyamba mwafufuza pa allAfrica, tsamba losonkhanitsa nkhani za nyuzipepala za mu Africa, pa Wayback Machine, yomwe imasunga masamba akale a pa intaneti, pofuna ma link akufa, ndi mu The Society of Malawi Journal. Amene akaunti yake yakwanitsa miyezi 6 ndi zosintha 500, kuphatikizapo 10 za m'mwezi wapitawo, angathe kulowa mu The Wikipedia Library n'kuwerenga mwaulere magazini omwe ena amalipira.

Magulu ena ali ndi malamulo awoawo, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanayambe kulemba. Phungu wa Nyumba ya Malamulo kapena nduna amatengedwa kuti ndi woyenera kukhala ndi tsamba. Wongopikisana nawo pa chisankho ayi, khansalanso ayi pokhapokha atalembedwa kwambiri. Malo okhala anthu ovomerezeka ndi boma kawirikawiri amasungidwa. Sukulu za sekondale zinkangosungidwa kale, koma kuyambira 2017 zimafunika magwero. Pa masewera zinthu zinasintha mu 2022: kungosewerapo mpira pa mlingo wapamwamba sikukwaniranso, pamafunika gwero limodzi lolemba za wosewerayo mwatsatanetsatane, ndipo tinkhani tambiri ta osewera a mu Africa tokhala ndi chiganizo chimodzi ndi tebulo la zigoli tagwa chifukwa cha zimenezi. Makampani ndi mabungwe omwe si aboma ndiwo amapanikizidwa koposa onse.

Kuphonya sikuchitikira Africa yokha. Nkhani ya Donna Strickland, katswiri wa physics wa ku Canada, inakanidwa ili ku Draft mu Meyi 2018 ati magwero ndi osakwanira, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho mayiyu analandira mphoto ya Nobel.

Mbali yomwe timaiyamikira kwambiri ndi ya pambuyo pa kufufuta. Tsamba lofufutidwa silitheratu. Ma admin amaliona, ndipo pamalo pake pamatsala cholembedwa chonena amene anafufuta, tsiku ndi chifukwa. Ngati inachoka ndi PROD, kapena zokambirana zinatsekedwa popanda anthu okwanira, mumangopempha pa tsamba la Requests for undeletion ndipo kawirikawiri imabwezedwa popanda mlandu. Ngati inachoka pa AfD yeniyeni, yambani mwalankhula ndi admin amene anatseka, mwaulemu, mutanyamula magwero atsopano, n'kupempha kuti aibweze ku Draft. Akakana pali bwalo la apilo lotchedwa Deletion review, koma kumeneko amayang'ana ngati wotseka anatsata ndondomeko kapena ngati patuluka umboni watsopano. Kubwereza mfundo zomwe zinakanidwa kale n'kutaya nthawi. Ku Draft nako kuli malire: tsamba likakhala miyezi 6 osakhudzidwa limafufutidwa pansi pa G13, ngakhale kulibweza n'kosavuta.

Chosayenera kuchita n'kulembanso nkhani yomweyo mawa lake ndi mawu omwewo. Ngati inachoka pa AfD, imachotsedwa mwachangu pansi pa G4, ndipo mukabwereza kangapo dzinalo limatsekedwa kuti wina asalitsegulenso popanda chilolezo cha admin, zomwe zimavutitsa ngakhale mlembi wabwino wobwera zaka zisanu kutsogolo. Chenjeraninso ndi uthenga wa pa imelo kapena WhatsApp wochokera kwa munthu wodzitcha admin, wolonjeza kupulumutsa nkhani yanu mukatumiza ndalama. Amenewa amayang'anira mndandanda wa AfD n'kumasaka eni nkhani, ndipo palibe gawo lililonse la ndondomekoyi lomwe limalipiritsa.

Wikipedia ya Chichewa ndi ina payokha, ili ndi akonzi ake ochepa, ndipo chigamulo cha ku Chingerezi sichigwira ntchito kumeneko. Nkhani ya mfumu, mtsinje kapena gule yomwe ili ndi gwero limodzi labwino losindikizidwa ikhoza kuyambira kumeneko, n'kumakula pamene magwero ena akupezeka, isanayesedwe ku Chingerezi kudzera ku Draft.