Underseal, sera kapena mafuta: chimene chimatetezadi kunsi kwa galimoto ku dzimbiri

Eni galimoto ambiri akaona dzimbiri kunsi amathamangira kukagula chopaka chakuda chokhala ngati tala, chija amati underseal, n'kupopera paliponse mpaka kunsi konse kuoneke ngati kwa galimoto yatsopano. Mwa njira zonse zimene zilipo, iyi ndi imene sindimaikhulupirira pa galimoto yakale, ndipo chifukwa chake chili m'mmene dzimbiri limadyera chitsulo. Chitsulo chimachita dzimbiri chikamakumana ndi madzi ndi mpweya, ndipo mchere umafulumizitsa kwambiri, kaya ndi wa m'mphepete mwa nyanja kapena umene amathira m'misewu ya m'maiko ozizira kuti madzi oundana asungunuke. Matope nawo amasunga chinyezi masiku ambiri mvula itakata kale. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, motero limakankha chilichonse chopakidwa pamwamba pake mpaka chituze kapena ching'ambike.

Pochotsa dzimbiri, burashi ya waya yomanga pa gilayinda ndiyo yotsika mtengo, ndipo imachotsa bwino makoko onse amene akufundukuka. Vuto lake n'lakuti kawirikawiri imangosalaza dzimbiri lolimba mpaka linyezimire ngati chitsulo chabwino, pamene m'timaenje ting'onoting'ono ndi m'makona latsaliramo. Kuwombera mchenga ndi kompulesa kumalowa m'timaenjeto n'kusiya chitsulo choyera mbee, koma kumafuna kuti mumasule kapena kuphimba mabuleki, mabering'i ndi mawaya, chifukwa mchengawo umalowa paliponse, ndipo fumbi la mchenga wamba limawononga mapapo moti pamafunika chotchingira mphuno chenicheni. Komanso chitsulo chowomberedwa chimayambanso dzimbiri m'maola ochepa ngati kuli chinyezi, choncho penti woyamba ayenera kupakidwa tsiku lomwelo.

Pakati pa njira ziwirizi pali mankhwala osintha dzimbiri, okhala ndi asidi wa phosphoric kapena wa tannic, amene amasandutsa dzimbiri lofiira kukhala kachigamba kakuda kolimba kamene penti amagwirapo. Amathandiza akapakidwa pambuyo pa burashi, pa dzimbiri lopyapyala. Pa makoko okhuthala amangodetsa pamwamba, pansi pake pakupitirirabe kuola.

Nkhani yaikulu ili pa chimene mupake mukamaliza kuyeretsa. Underseal ndi wolimba, amapirira miyala yothamangitsidwa ndi matayala, ndipo pa chitsulo choyeretsedwa bwino, chopakidwa kaye penti wa epoxy kapena wa zinki, amatumikira zaka zambiri. Koma akakalamba amauma n'kuchita ming'alu, madzi amalowa pamng'alupo n'kusowa potulukira, ndipo mwini galimoto akasuzumira amaona kunsi kwakuda bwinobwino osadziwa kuti kuseri kwatsala makoko okhaokha. Amene anapalapo underseal wakale amadziwa mmene chigamba chimachokera chonse ngati khungwa, n'kuonetsa chitsulo chonyowa chimene sikuludiraiva imangobowola osalimbana nacho. Kupopera underseal pamwamba pa dzimbiri kuli ngati kumanga nsalu pa chilonda chosatsuka.

Sera, monga wa Waxoyl kapena Dinitrol, sauma gwaa, choncho sang'ambika msanga, ndipo wambiri amaonekera mkati moti dzimbiri likayambiranso mumaliona lisanafike patali. Amakhalitsa kuposa mafuta, ngakhale kuti m'malo amene madzi ndi miyala zimamenya kwambiri amatha ndithu ndipo amafuna kuonjezera. Mafuta a lanolin, ochokera ku ubweya wa nkhosa, monga Fluid Film kapena Lanoguard, ndi ofewa kuposa pamenepo. Sauma n'komwe, amayenderera okha kulowa m'malumikiziro a zitsulo ndi m'dzimbiri lotsalira, n'kutsekereza madzi ndi mpweya kuti zisafike pachitsulo. Kuipa kwake n'koonekeratu: amakokoloka ndi madzi amphamvu otsukira, amakola fumbi, amadetsa manja a makaniko, ndipo muyenera kupoperanso pafupifupi chaka chilichonse. Komabe pa galimoto imene yayamba kale dzimbiri, imene simungaimasule yonse kuti muiyeretse, ine ndingasankhe lanolin kapena sera wopyapyala, chifukwa ndi zokhazi zimene zimagwirabe ntchito ngakhale kuyeretsa kutakhala kopereweza.

Oyilo wakutha wa mu injini, amene ena amapopera poti ndi waulere, amatchinjiriza pang'ono, koma amafufumitsa ndi kufewetsa mabushi a labala, amadontha n'kuipitsa nthaka ndi madzi, ndipo ndi woipa pakhungu. Sindingamulimbikitse.

Pali mbali imene underseal ndi penti sizifikako konse, ndiyo mkati mwa chasisi ndi mwa zitsulo zamphako za m'munsi mwa zitseko. Dzimbiri loopsa kwambiri limayambira mkati momwemo, pamene matope atseka timabowo totulutsira madzi, ndipo pomaonekera kunja chitsulo chimakhala chitatha kale. Vutoli limagwera ngakhale galimoto zodziwika ndi kulimba: mu 2016 kampani ya Toyota inavomera ku America kugwiritsa ntchito ndalama zofika madola 3.4 biliyoni pa mlandu wa dzimbiri la chasisi cha galimoto zake za mtundu wa Tacoma, Tundra ndi Sequoia. Mkati mwa chasisi ndi zitsulo zamphakozo mumalowa sera wopyapyala kapena lanolin basi, wopopera ndi kapaipi kakatali kudzera m'mabowo amene alipo kale, mutatsuka matope onse n'kudikira kuti muume.

Musanasankhe chilichonse, gogodani chasisi ndi hamala, makamaka pamene pamangidwa masipuling'i ndi mashoko. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, pamene chodyeka chimamveka mogontha kapena kubonyoka. Pobowoka palibe chopaka chingabwezeretse mphamvu, ndipo pamafunika kudula mbali yowolayo n'kuwotchererapo chitsulo china. Mapaipi a mabuleki ndi a mafuta amene adyeka ndi ofunika kusintha osati kupaka. Popopera, phimbani madisiki a mabuleki, ekizozi ndi malamba a injini, chifukwa mafuta akafika pa mabuleki galimoto siima bwino, ndipo pa ekizozi yotentha amafuka utsi ndipo akhoza kuyaka.