Makina a PCR patatha miyezi 14

Dzulo ndalandira bilu yoti tilipire ogulitsa asanatikonzere makina athu a PCR (ochulukitsa makope a DNA mu labu), ndipo madzulo omwewo mnzanga wa labu ina anandifunsa ngati nawonso agule mtundu womwewu. Ndinamupempha kuti adikire kaye mtima wanga ukhale pansi. Yankho lake ndi ili.

Zabwino sizifuna mawu ambiri. Sikirini ndi yosavuta, mapulogalamu amasungika bwino, ndipo magetsi akathima n'kuyakanso makinawa amapitiriza pomwe analekezera. Gradient, njira yoyesera kutentha kosiyanasiyana pamodzi, ndimaikonda: mapulayima (tizidutswa tatifupi ta DNA tosonyeza poyambira kukopera) atsopano ndimawayesa kuyambira madigiri 52 mpaka 62 nthawi imodzi, kutentha koyenera n'kukupeza tsiku lomwelo.

Ntchito ya makinawa ndi kutenthetsa ndi kuziziritsa basi. Pa madigiri 95 zingwe ziwiri za DNA zimalekana, pa 55 kapena 60 mapulayima amamatirira pamalo pake, pa 72 enzayimu ya Taq imamanga chingwe chatsopano. Zikabwerezedwa ka 30, kachidutswa kamodzi kamatha kubala makope pafupifupi biliyoni. Kary Mullis atatulukira njirayi mu 1983, anthu ankasuntha machubu ndi manja m'madzi otentha mosiyanasiyana, n'kumathira enzayimu yatsopano ulendo uliwonse chifukwa yakale inkafa ndi kutentha. Taq, yochokera ku bakiteriya wa Thermus aquaticus wa m'akasupe otentha a ku Yellowstone, ndiyo inathetsa ntchito yothirathirayo. Ndiye chimene timagulira makinawa n'chimodzi: mabowo onse 96 a puleti imene timathiramo masampulo azilandira kutentha kofanana. Apa ndi pamene anga anandigwiritsa fuwa lamoto.

M'mwezi wa 9 chigulireni makinawa, mizere ina pa jelo, pomwe timaonera ngati DNA yachuluka, inayamba kuoneka yofooka, ina osaoneka n'komwe. Ndinaganiza kuti mapulayima atha mphamvu, ndinaitanitsa ena. Ndinatsegula Taq watsopano. Ndinafika pokayikira wophunzira amene ndimagwira naye ntchito kuti sagwira bwino pipeti, chipangizo chothirira timadzi m'mabowo, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mwanayo analibe mlandu. Milungu itatu inatha choncho.

Tsiku lina nditatulutsa puleti ndinaiyang'ana powala. M'mabowo a m'mphepete timadontho tinali titakangamira pamwamba, kunsi kwa chomatira chotsekera puleti, ndipo mamayikulolita 25 amene ndinathira anali atachepa moonekeratu. Chivindikiro cha makinawa chimayenera kukhala pa madigiri 105 n'kumapanikiza bwino, kuti madzi asauluke. Madzi akauluka mchere ndi maginiziyamu zimachuluka, enzayimu n'kusokonezeka. M'mawa mwake ndinathira msakanizo umodzi m'mabowo onse 96. Apakati anatulutsa mizere yowala mbee, a m'mphepete mbuu. Ndinakhala pansi kwa kanthawi, ndikuganiza za masampulo amene DNA yake ndinali nditaimaliza pobwerezabwereza.

Ogulitsa ndinawalembera m'mwezi wa 10, zithunzi za jelo ndinatumiza. Anayankha kuti vuto ndi mapuleti athu, tigule awo. Tinagula, palibe chinasintha. Kenaka anati tisinthe pulogalamu ya m'makina. Tinasintha. Katswiri wawo anabwera m'mwezi wa 13, ndipo pasanathe ola anapeza kuti chotenthetsa cha m'chivindikiro chafooka mbali zonse za kunja. Munthu wodziwa ntchito yake ndithu, waulemu. Koma chitsimikizo chawo ndi cha miyezi 12, ndipo ku ofesi akuti chinatha. Ndinawatumiziranso maimelo onse ndi masiku ake. Achotsapo ndalama ya katswiriyo, koma chipangizocho akuti tilipire tokha, ndipo mtengo wake ukuyandikira gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa makina atsopano. Pamenepo sindinawerengere Taq, mapulayima ndi mapuleti amene tinaononga.

Sabata yatha ndikanati musayerekeze kugula. Lero ndikakumbukira miyezi 8 imene makinawa anagwira ntchito popanda chodandaulitsa, mtima umabwerera. Ndiye kwa inu mnzanga: gulani ngati ogulitsa avomera kulemba kuti chitsimikizo chimatengera tsiku limene mwanena vuto, osati tsiku limene katswiri wafika. Yesani mabowo onse 96 ndi msakanizo umodzi sabata yoyamba, mubwerezenso m'mwezi wa 6 ndi wa 11, zithunzi muzisunga.

Ine pakadali pano ndikugwiritsa ntchito mabowo 60 apakati okha, ndipo biluyo sindinasayine. Ndawalemberanso lero m'mawa.